Mwana Wochedwa Kugwira Maphunziro

Pasukulu iliyonse ya kumudzi, kaya ndi ku Nkhoma, ku Nathenje kapena ku Mitundu, mphunzitsi amapeza mwana amene anzake akamawerenga nkhani, iye akali kulimbana ndi ba, be, bi. Anthu safuna kuchedwa pomutcha mbuli kapena mlesi, ndipo ena amati analodzedwa. Mayina oterewa ndiwo amachotsa mwana pasukulu, nakathera kubusa kapena kumunda wa fodya.

Ntchito yoyamba ya mphunzitsi ndiyo kufunafuna gwero la vutolo. Ana ena saona bwino zolembedwa pabolodi, ena samva bwino, ndipo ena amafika m'kalasi ndi njala. Oterewa nzeru ali nazo ndithu, chofunika n'kuwakhazika kutsogolo ndi kulangiza makolo kuti apite nawo kuchipatala, monga cha Nkhoma chimene chimadziwika pa matenda a maso. Koma alipo ena amene ubongo wawo unapwetekeka pobadwa, kapena ndi malungo aakulu, kapena ndi khunyu. Aliponso ena ochenjera polankhula ndi pamasewera, koma zilembo zokha zimawasokoneza, kotero kuti pofuna kulemba "bala" amalemba "dala". Mkwapulo sungachize ngakhale limodzi la mavuto amenewa.

M'dziko muno thandizo linayambira kwa ana osaona. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 amishoni a Dutch Reformed Church, amene likulu lawo linali ku Nkhoma, anatsegula sukulu ya Chilanga ku Kasungu. Mu 1968 ntchito yophunzitsa ana osamva inayamba ku Montfort, m'boma la Chiradzulu. Ana ochedwa kugwira maphunziro anakumbukiridwa pambuyo pake, mu 1996, pakuti chilema chawo sichioneka ndi maso. Apo n'kuti makalasi atadzaza kale, popeza mu 1994 sukulu za pulaimale zinakhala zaulere. Tsono ambiri a ana otere ali m'manja mwa mphunzitsi wamba.

Mphunzitsiyo sangathe yekha. Ayenera kukacheza ndi makolo kwawo, osati kungowaitanira kuofesi ngati olakwa. Pakati pa Achewa nkoyenera kuti atsibweni a mwanayo akhalepo, pakuti mawu a mwinimbumba amalemera. Pochezapo ayambe ndi kutchula zimene mwana amakhoza, kenaka afunse za kubadwa kwake, matenda amene anadwala, ndi msinkhu umene anayambira kuyenda ndi kulankhula.

Makolo asaope kuti iwo sanapite kusukulu, pakuti zipangizo zili pakhomo pomwe. Mwana angawerenge nthanga za mtedza potongola, angalembe chilembo pamchenga ndi chala, kapena kuchiumba ndi dongo. Pomutuma, amayi anene chinthu chimodzi chokha, ndipo akachichita amuyamike asanamutume china. Nthano za madzulo zimamuzoloweza kumvetsera ndi kukumbukira. Kukalasi nakonso phunziro likhale lalifupi, lobwerezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mwanayo akhale pafupi ndi mnzake wofatsa.

Si onse adzafike ku Sitandade 8. Komabe mwana amene waphunzira kulemba dzina lake, kuwerenga ndalama pamsika wa Mitundu, ndi kuzindikira zolembedwa pabotolo la mankhwala, wapeza chuma chimene palibe angamulande. Zimenezi zimatenga miyezi, mwinanso zaka, ndipo akulu ananena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.