Msoti wa ng'ombe umatenga bere ukakhuta

Mnansi wanga ku Chelstone ali ndi ng'ombe za mtundu wa Angoni kumudzi kwawo ku Katete. Anandifunsa chifukwa chake misoti yake yakwanitsa zaka zitatu osatenga bere, pomwe nkhunzi ili m'khola momwemo. Funsoli linkandizunguza inenso.

Chimene chimalamula ndi kulemera kwa thupi. Msoti umayamba kufuna nkhunzi ukafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa ng'ombe yaikulu ya mtundu wake. Thupi lake limagawa chakudya ngati banja la ku Kabwata pakati pa mwezi: ufa ndi lendi poyamba, zina zidikire. Moyo ndi kukula zimatsogola, kubereka kumatsalira.

Vuto limakula m'chilimwe. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, udzu wouma umangodzaza mimba, mphamvu mulibe. Msoti umaonda, ndipo chaka chimadutsa popanda thole. Zimandipweteka kuona eni ake akunamizira nkhunzi.

Potumiza ndalama kumudzi, ikanipo ya gaga ndi mchere, ndipo masangwi a mtedza asungidwe, asawotchedwe. Koma musaunenepetse mopitirira, chifukwa msoti wamafuta ambiri umavutika pobereka.