Kodi mumadziwa kuti hotela ina ku Spain imadyetsa apaulendo ulere?

Hotela yapamwamba ya Hostal dos Reis Católicos, mumzinda wa Santiago de Compostela, imapereka chakudya chaulere kwa apaulendo 10 tsiku lililonse.

Nyumbayi inayamba ngati chipatala. Mfumu Ferdinand ndi Mfumukazi Isabella analamula mu 1499 kuti imangidwe, kuti izisamalira Akhristu ofika ali lefulefu, ena akudwala, paulendo wautali wopita kumanda omwe amakhulupirira kuti ndi a mtumwi Yakobo. Mu 1954 inasanduka hotela, koma mwambo wodyetsa apaulendo sunafe.

Amene amadya ndi anthu 10 oyamba pakati pa olandira chikalata cha Compostela, chomwe chimaperekedwa kwa munthu woyenda wapansi makilomita osachepera 100, kapena 200 panjinga. Alendo olipira amagona m'zipinda zozungulira mabwalo anayi akalekale, moyandikana ndi tchalitchi chachikulu cha mzindawo.