KODI MPWEYA ULOŴA BWANJI M'CHIFUWA?

Munthu wamkulu akakhala phee, apuma ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo pa kupuma kulikonse aloŵetsa mpweya wokwana ngati theka la lita. Ambiri ayesa kuti mapapo ndiwo akoka mpweyawo. Iai, mapapo alibe mphamvu yakudzitambasula okha.

Mwini ntchitoyi ndiye mnofu waukulu umene ulekanitsa chifuwa ndi mimba, umene madokotala autcha diaphragm. Maonekedwe ake akunga mbale yovundikira. Mnofuwu ukakungika utsikira kumimba, pamene minofu ya pakati pa nthiti itukula nthitizo, ndipo chifuwa chikula. Mapapo nawo atambasuka, pakuti timadzi tochepa tiwamamatiza ku khoma la chifuwa.

Tsono mpweya uli ndi khalidwe lake, limene Robert Boyle analilongosola ku England m'chaka cha 1662: ukapeza malo aakulu, mphamvu yake yokankha ichepa, ukapanikizidwa, mphamvuyo ikula. Choncho chifuwa chikakula, mpweya wa m'mapapo uchepa mphamvu, ndipo wakunja, pokhala wamphamvu koposa, uloŵa wokha kudzera m'mphuno. Minofu ija ikamasuka, mapapo abwerera mwakale, mpweya upanikizika nutuluka. Amene anaonapo mvukuto wa wosula adziŵa kale zimenezi.

Makolo, nkhaniyi ikhudza moyo wa ana anu. Chibayo chikagwira mwana, mapapo ake aumirira, ndipo ayenera kukoka mpweya ndi mphamvu yoposa. Popeza nthiti zake nzanthete, m'munsi mwa chifuwa muloŵa m'kati pamene akoka mpweya, m'malo motukuka.

Mwana akamatsokomola, mvuleni malaya ali chete, muyang'ane chifuwa chake, ndipo muŵerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Malangizo a bungwe la WHO ati mwana apuma mofulumira ngati afika ka 60 asanakwane miyezi 2, ka 50 kuyambira miyezi 2 kufikira 11, kapena ka 40 kuyambira chaka chimodzi kufikira zaka 5.

Mukaona chimodzi mwa zizindikiro ziŵirizi, musadikire kuti kuche, ndipo musataye nthaŵi ndi mankhwala ogula pa golosale. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti chibayo chichizika mwana akafika msanga.