Thanki ya Angelfish: Msinkhu Wokha Sukwanira

Mwa mafunso onse amene anthu a kuno ku Northmead mu Lusaka, ndi ena ochokera ku Kabwata, Chelstone ndi Woodlands, amandifunsa pa ntchito yanga yomanga mathanki a galasi ndi kuweta nsomba zokongoletsa nyumba, palibe lobwera kawirikawiri ngati lakuti, kodi angelfish imafuna thanki yotani. Ndipo popeza ambiri amafunsa atagula kale nsombazo, zili m'kathumba ka pulasitiki m'manja mwawo, ndaona kuti n'koyenera kuyankha pano poyera, kuti wofuna kumva amve asanatulutse ndalama.

Kwawo kwa nsombayi ndi ku South America, m'mitsinje ya chigwa cha Amazon, m'madzi ofunda ndi odekha momwe mizu ya mitengo ndi udzu wa m'madzi zimaima chilili. Ndipo Namalenga anaiumba molingana ndi malo akewo, yopyapyala m'mbali, ya zipsepse zotalika kumwamba ndi pansi, kuti izidutsa pakati pa mizuyo mosavuta. Akatswiri anailemba m'mabuku koyamba mu 1823, ndipo lero amaitcha Pterophyllum scalare. Ambiri amadabwa ndikawauza kuti ndi mbale wake wa chambo ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, ndiponso wa nsomba zokongola zija za ku Mpulungu, pakuti zonsezi n'za banja limodzi la cichlid. Ndipo ngakhale imasambira mwaulemu ngati mfumukazi, mtima wa banja lake wolanda malo ndi kuthamangitsa anzake sunaichoke ayi.

Kansomba kamene mumagula, thupi lake losaposa khobidi la kwacha imodzi, pakatha chaka kamakhala katasanduka nsomba yaikulu, yofika masentimita 15 m'litali ndi masentimita 20 kuchokera kunsonga ya chipsepse chapamwamba kufika kunsonga ya chapansi, ndipo ikasamalidwa bwino ikhoza kukhala nanu zaka khumi. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma nsomba ya m'nyumba ilibe ufulu wosamuka, dziwe lake mumasankha ndinu. Chifukwa chake madzi akhale akuya masentimita 40 kapena kuposapo, ndipo popeza mchenga wa pansi umadya masentimita asanu, ndi pamwamba pamatsala mpata, galasi lake likhale la masentimita 50. Thanki yotchuka ija ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, imene imalowa malita 54 okha, ndi yabwino kwa tinsomba ta guppy, koma angelfish yaikulu imakhalamo chowerama, zipsepse zikukhuza mchenga.

Apa ndi pamene ambiri amasocherera. Atamva kuti nsombayi imafuna msinkhu, amakondwera ndi thanki yoima ngati nsanamira, kapena ya mbali zisanu ndi imodzi, imene imakongoladi pangodya ya chipinda chochezera, makamaka m'mafulati mmene malo ndi ochepa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nsomba imapuma mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo mpweyawo umalowera pamwamba, pamene madzi akhudzana ndi mphepo. Taonani mathanki awiri: ina ya masentimita 100 m'litali, 40 m'lifupi, 45 msinkhu, inzake ya 45 m'litali, 45 m'lifupi, 90 msinkhu. Mukachulukitsa manambala atatuwo ndi kugawa ndi 1,000, monga timachitira pofuna kudziwa malita, mupeza kuti onse awiri amalowa malita pafupifupi 180. Koma pamwamba pa yoyambayo ndi potambalala kawiri kuposa pa yachiwiri, ndipo mpweya wolowamo umatsata muyeso womwewo.

Kumaiko kumene magetsi sazima, kusiyana kumeneku kumabisika, chifukwa pampu ndi sefa zimavundula madzi usana ndi usiku. Ife a mu Lusaka tinaphunzira zina mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi a ku Kariba, malaiti n'kumapita maola ochuluka tsiku ndi tsiku. Pampu ikaima, thanki imatsala ndi pamwamba pake pokha; ndipo popeza madzi ofunda amasunga mpweya wochepa kuposa ozizira, pomwe angelfish imafuna kutentha kwa madigiri 26 kapena pafupi pamenepo, m'thanki yopapatiza nsomba zimayamba msanga kukwera pamwamba zikuyasamula, pamene za m'thanki yotambalala zikali kusambira mwamtendere. Nkhani ya kuzizira nayo imakomera thanki yaikulu. Mzinda wathu uli pamtunda woposa mamita 1,200, usiku wa June ndi July umaluma, ndipo hita ikazima madzi ambiri amachedwa kuzizira kusiyana ndi ochepa, makamaka mukafunditsa thankiyo bulangeti m'mbali.

Utali wa thanki uli ndi ntchito inanso, ndiyo yosunga mtendere. Zikadali zazing'ono n'kovuta kuzindikira yaimuna ndi yaikazi, ndipo mukaika ziwiri zokha, yamphamvu imazunza inzake kosalekeza. N'chifukwa chake timayamba ndi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kuti mkwiyo ugawikane, zisankhane zokha. Ziwiri zikakwatirana zimatenga mbali imodzi kukhala yawo, zimayeretsa tsamba lotambalala, yaikazi n'kuikirapo mazira, ndipo zonse ziwiri zimalondera, kupirikitsa aliyense woyandikira. Wopirikitsidwayo amathawira cham'mbali, osati kumwamba, ndipo m'thanki ya nsanamira alibe kolowera. Kwa gulu lotere ine ndimamanga ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 50 msinkhu, ya malita 270, ndi kudzalamo Vallisneria, udzu wautali wonga umene umameranso m'nyanja zathu, kuti adani asamaonane nthawi zonse. Ziwiri zokwatirana kale zikhoza kukhala bwino m'malita 120, msinkhu ukhale womwe uja.

Musaiwale kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, kotero kuti thanki ya malita 270, pamodzi ndi galasi ndi mchenga, imaposa matumba asanu ndi limodzi a simenti. Siikhala pa kabati ya TV, imafuna choikapo chachitsulo kapena cha matabwa olimba, choima mosapendekeka. Kuchindikala kwa galasi kumatsata kuya kwa madzi, chifukwa madzi amakankha kwambiri chakumunsi: ya masentimita 50 ndimaipatsa galasi la mamilimita 10 ndi chomangira pamwamba. Kupitirira masentimita 60 mtengo umakwera, kuwala sikufika bwino kwa zomera, ndiponso dzanja lanu silifika pansi pa tsiku loyeretsa.

Pali mtundu umodzi umene umafunadi kuya koteroko, ndiwo altum wa ku mtsinje wa Orinoco, amene Jacques Pellegrin anamulemba mu 1903, ndipo msinkhu wake umaposa masentimita 30. Ameneyu sindilangiza woyamba kumene, ndipo chifukwa chachikulu ndi madzi athu: Lusaka anamangidwa pa mwala wa laimu, madzi a m'mijigo yathu ndi olimba, ndipo pamene angelfish wamba wobadwira m'mathanki anawazolowera, altum amafuna madzi ofewa onga a kwawo, amene kuno muyenera kuchita kuwakonza ndi makina sabata ndi sabata.