Ufa Wonenepetsa Kapena Ufa wa Mapuloteni: Kusankha Molingana ndi Chimene Thupi Likusowa

Anthu ochita masewera olimbitsa thupi, makamaka onyamula zitsulo, amapeza m'masitolo mitundu iwiri ya ufa wosungunula m'madzi kapena mumkaka, ndipo ngakhale zitini zake zimaoneka zofanana, ntchito zake n'zosiyana kwambiri. Woyamba ndi ufa wa mapuloteni, omwe ndi chakudya chomanga ndi kukonza minofu, ndipo wofala kwambiri ndi whey, wochokera ku madzi amene amatsala mkaka ukaundana popanga tchizi. Magalamu 30 a ufawu amapereka mapuloteni okwana magalamu 20 mpaka 25 ndi makalori pafupifupi 120, kalori kukhala muyeso wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya. Wachiwiri ndi ufa wonenepetsa, wotchedwa mass gainer, umene muyeso wake umodzi ungapitirire makalori 1,000, ndipo mphamvu zambirizo zimachokera ku maltodextrin, chinthu chonga shuga chopangidwa kuchokera ku chimanga, chimene chimalowa m'magazi mofulumira.

Minofu imakula munthu akamailemetsa ndi ntchito mobwerezabwereza, akamagona mokwanira ndiponso akamadya mapuloteni okwanira. Munthu wamkulu wosachita masewera amafunika mapuloteni okwana magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku, pamene kafukufuku amene anafalitsidwa mu British Journal of Sports Medicine mu 2018, atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wina 49, anaonetsa kuti kwa onyamula zitsulo phindu limasiya kuwonjezeka akafika pa magalamu pafupifupi 1.6. Motero mnyamata wonyamula zitsulo wolemera makilogalamu 60 amafunika magalamu 96 patsiku, ndipo ngati amakhuta nsima koma ndiwo zake n'zamasamba nthawi zambiri, chimene chikumuchepera ndi mapuloteni osati mphamvu. Kwa iyeyu, komanso kwa amene akufuna kuchepetsa mafuta osataya minofu, ufa wa mapuloteni ndiwo woyenera.

Ufa wonenepetsa uli ndi malo ake, koma ndi ochepa kusiyana ndi mmene otsatsa malonda amanenera. Umathandiza munthu wowonda amene amachita masewera olemetsa koma amalephera kudya chakudya chambiri, chifukwa kumwa n'kosavuta kusiyana ndi kutafuna. Amene amaumwa osagwiritsa ntchito minofu amangounjika mafuta, kawirikawiri pamimba, ndipo kwa wodwala shuga ufawu ungakhale woopsa. N'zomvetsa chisoni kuona wachinyamata akuwononga ndalama zambiri pa chitini chochokera kunja, chonsecho zambiri zimene zili m'katimo zimachokera ku chimanga chomwe chili kale pakhomo. Phala la soya lothira nsinjiro ndi mkaka limapereka mphamvu ndi mapuloteni pamodzi, popeza magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori oposa 550 ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25, ndipo dzira limodzi limawonjezera magalamu 6, osatchula usipa ndi nyemba.

Ambiri mwa anthu a mu Africa amavutika kugaya shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, choncho amene mimba imawatupa akamwa whey wamba angayese whey isolate, mmene shugayo amakhala wochepa, kapena ufa wa soya. Choopsa kwambiri ndi mapiritsi ndi timadzi totsegula chilakolako cha chakudya, tokhala ndi cyproheptadine kapena dexamethasone, timene ena amagulitsa mobisa ngati zonenepetsa. Amenewa ndi mankhwala a matenda ena, ndipo woyambayo amagonetsa tulo pamene wachiwiriyo, akamwedwa nthawi yaitali, amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amatupitsa nkhope ndiponso amafooketsa minofu yomweyo imene munthu akufuna kukulitsa. Munthu amene akuwonda popanda chifukwa chodziwika ayenera kuyamba wakayezetsa kuchipatala asanagule ufa uliwonse, chifukwa chifuwa chachikulu, HIV ndi matenda a shuga zimawondetsa, ndipo palibe chitini chimene chingachize matendawa.