PEMPHANI CHITHANDIZO CHA BOMA MADZI ASANAFIKE

Alimi anzanga, makamaka inu okhala m'munsi mwa mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, nkhani ino ndi yanu. Nonse mudziwa chithandizo chimene Boma litumiza madzi akasefukira: ufa, nyemba, mabulangete ndi matenti. Chithandizo chimenecho n'chabwino ndithu, koma chimafika nyumba itagwa kale, chimanga chitakwiririka mumchenga. Paja madzi akatayika saoleka. Chimene ambiri simudziwa bwino n'chakuti ziliponso ndalama zina za Boma zochepetsera ngozi isanagwe. Ndalama zimenezi sizidza zokha pamudzi. Zifuna kuzipempha, ndipo kuzipempha mwanzeru.

Akuluakulu a ku Zomba asimbabe za napolo wa mu Disembala 1946. Mu Malichi 1991 napolo wina anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe napha anthu mazana angapo, ndipo chaka chomwecho Boma linapanga lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kale zoterezi zinkatalikirana. Tsono taonani zaka zapitazi. Mu Januwale 2015 madzi anaononga m'maboma 15, anthu pafupifupi 230,000 nathawa m'nyumba zao. Mu 2019 kunadza Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, magetsi navuta m'dziko lonse. Mu Malichi 2023 Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche ku Blantyre, ndiponso ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Akufa pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Chaka chomwecho aphungu anavomereza lamulo latsopano m'malo mwa lija la 1991, ndipo latsopanoli liika mtima pa kupewa ndi kukonzekeratu.

NDALAMA ZAKE N'ZOTANI?

Ambiri mwamva za ntchito ya Mbwezera Chilengedwe. Ndalama zake Boma linazipeza ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndipo zidzera ku makhonsolo. Mabanja osauka amene ali ndi munthu wamphamvu amalembedwa, nagwira ntchito yoteteza nthaka ndi madzi m'dera lao lomwe, nalandira malipiro. Achikulire adzakumbukira MASAF ya zaka za m'ma 1990, pamene anthu ankalambula misewu ndi makasu. Kusiyana kwake n'kwakuti pano khasu liloza kuphiri ndi kuchigwembe.

Mu 2020 Boma linayambanso ntchito ina yosamala magwero a madzi a mtsinje wa Shire m'maboma monga Machinga, Balaka, Ntcheu, Neno, Zomba, Mangochi ndi Blantyre. Kumeneko midzi yosamala nthaka inkapatsidwa thumba la ndalama lakelake, lakuti anthu azikongozana okhaokha ndi kubweza, koma wokongola ayambe waonetsa ntchito yoteteza munda wake. Ntchito zotere zimayamba ndi kutha, zina n'kubwera ndi maina ena. Chosasintha ndi khomo lolowera, ndilo khonsolo ya boma lanu.

Mwina agogo adzati, "Kodi si malimidwe aja abweranso?" Funso limeneli n'lomveka. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza milambala, wokana nalipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo anthu anaida milambalayo chifukwa cha chikoti. Lero palibe mesenjala wodzakugwirani. Koma madzi sanasinthe khalidwe lao kuyambira nthawi imeneyo.

MUPEMPHE CHIYANI?

Apa ndipo midzi yambiri iphonya. Anthu akamva za ndalama, pempho loyamba limakhala khoma lotchinga mtsinje, lija ambiri ati dayiki. M'malo ena a kuchigwa, monga ku Chikwawa ndi Nsanje, khoma lotere lifunikadi. Koma limadya ndalama zambiri, lifuna akatswiri ndi makina, ndipo likamangidwa mosaganiza bwino limangokankhira madzi kwa anzanu a tsidya lina. Komanso ngati kumtunda nthaka ikokolokabe, mchenga udzaza mtsinje chaka ndi chaka, mpaka madzi adzadumpha khomalo.

Tiyeni tiwerenge pang'ono. Mvula ya mamilimita 50, imene itha kugwa madzulo amodzi, imathira pa ekala imodzi madzi odzaza migolo 1,000, ija ya malita 200. Ekala imodzi yokha! Tsono ganizani maekala onse a paphiri panu. Ngati pali mitengo, udzu ndi mizere yopingasa, madzi ambiri alowa pansi, otsala natsika pang'onopang'ono. Ngati phiri lili mbee, migolo yonseyo ithamangira pamodzi kumtsinje, itanyamula nthaka yanu ya chonde. Chotero ntchito iyenera kuyambira kumene madzi ayambira.

Pamwamba penipeni, pamene sipayenera kulimidwa, siyani zitsa ziphukenso ndipo letsani moto ndi nkhwangwa. M'minda yotsetsereka ikani akalozera olondola ndi levulo, osati ongoyeza ndi maso, pakuti mzere wopendekeka usonkhanitsa madzi malo amodzi nubala chigwembe chatsopano. Pa akalozerapo bzalani udzu wa vetiva mothithikana, phata ili ndi linzake kutalikirana ngati chikhatho. Tsekani mizere ndi ngonyeka, ndipo pamene malo alola kumbani maswale osunga madzi.

Za zigwembe ndinenepo zambiri, popeza ndaona mphamvu za anthu zambiri zikupita pachabe pamenepa. Musayambe kutseka kumunsi kumene chigwembe chakula. Yambani kumutu kwake. Timakoma ta miyala tambiri tatifupi tiposa khoma limodzi lalitali. Kakhoma kasafike m'chiuno mwa munthu wamkulu. Kalowe ndithu m'mbali zonse ziwiri za chigwembe, kuti madzi asakalambalale. Pakati pake pakhale potsikirapo kusiyana ndi m'mbali, kuti madzi adzere pakatipo, ndipo kumunsi kwake yalani miyala pamene madziwo agwera, angakumbe pansi ndi kugwetsa ntchito yonse. Dothi likadzaza kuseri kwa kakhoma, bzalanipo nsenjere, nsungwi kapena nthochi. M'mbali mwa mtsinje lekani kulima mpaka m'madzi. Bwezeranimo bango, nsungwi ndi mibawa.

Vuto lake n'lakuti okhala kumtunda saona madzi akulowa m'nyumba, tsono sachita changu. Inu a kumunsi musapemphe nokha. Pitani kwa a gulupu, aitanitse midzi yonse yomwera mtsinje umodzi. A kumtunda auzeni phindu lao: munda wa akalozera ndi ngonyeka usunga chinyontho, ndipo chimanga chake sichifota msanga pa ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale.

KAPEMPHEDWE KAKE

A nyakwawa aitane msonkhano wa mudzi wonse, pamodzi ndi komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi mlangizi. Musathere pansi pa mtengo. Nyamukani, yendani kutsata njira ya madzi kuyambira kuphiri mpaka kudambo. Amayi asatsale, pakuti ndiwo adziwa chitsime chimene chimakwiririka ndi njira ya kuchigayo kapena kuchipatala imene imaduka.

Mukabwerako lembani. Nenani zaka zimene madzi anaononga, nyumba zingati, minda ingati, ndi ana angati amene amalephera kuoloka kupita kusukulu. Lembani zimene mudzapereka eni ake, monga miyala, mchenga ndi manja anu. Pambuyo pake lembani zimene simungathe kuzipeza nokha: mawilibala, mapiki, mafosholo, machubu ndi mbewu za mitengo, waya womangira miyala, simenti. Kalata yongoti "tithandizeni, tili pamavuto" ifanana ndi makalata ena onse a pa tebulo la Bwanamkubwa. Kalata yonena malo, chiwerengero ndi gawo lanu ndiyo iwerengedwa kawiri.

Pempholo lipite ku komiti ya chitukuko ya VDC, kuti lilowe m'ndondomeko ya chitukuko cha mudzi. Kuchoka apo lipita ku ADC, kwa mfumu yaikulu, kenaka ku khonsolo. Ntchito yosalembedwa m'ndondomeko ya khonsolo ivuta kuipezera ndalama, ngakhale ikhale yofunika chotani. Sungani kalata ina yofanana nayo, ndipo khansala wanu muzimufunsa pamene pempho lafika. Sindikulonjezani kuti mudzi uliwonse wopempha udzalandira chaka chomwecho, pakuti opempha achuluka kuposa ndalama. Koma akalozera, ngonyeka ndi vetiva sizidikira khonsolo, ndipo alendo a Boma akapeza mwayamba kale, mlandu wanu umakhala wosavuta kuunenera.

NDALAMA ZIKAFIKA

Munthu aliyense asakulipiritseni kuti dzina lanu lilembedwe, kaya ndi mfumu, wa komiti kapena mlangizi. Wotero mukamnene ku khonsolo. Ndalama zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe poyera pamsonkhano, malisiti asungidwe, ndipo zipangizo zilembedwe m'buku, kuti wilibala ya mudzi isasanduke ya munthu mmodzi woumba njerwa. Malipiro nthawi zina amachedwa. Dandaulani kudzera ku komiti, koma musasiye kakhoma kali theka, chifukwa mvula yoyamba idzakamwaza.

Malipiro akatha ntchito ikhala yanu. Mvula yaikulu ikagwa, m'mawa mwake kayendereni timakoma ndi maswale, ndi kukonza pogumuka pakadali pang'ono. Panganani malamulo a mudzi a mbuzi ndi moto wa osaka mbewa, pakuti ziwirizi zitha mitengo yambiri kuposa chilala.

Dziwaninso kuti mvula yonga ya Freddy siingatchingidwe yonse ndi vetiva. Ngati nyumba yanu ili m'njira ya madzi kapena m'tsinde mwa phiri lotsetsereka kwambiri, mverani za nyengo pa wailesi, ndipo chenjezo likaperekedwa samukirani kumtunda kusanade.

Miyala itutidwe ndi maswale akumbidwe m'chilimwe, mutatha kukolola. Nazale ifesedwe mu Ogasiti kapena Seputembala, kuti mbande zidzakhale zitakula pofika nyengo yobzala mitengo, imene iyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Vetiva adikire mvula ikhazikike. Za levulo ndi kayezedwe ka akalozera funsani mlangizi wa m'dera lanu. Panganani naye tsiku, ndipo mumukonzere zikhomo ndi chingwe.