MBEWA YOPANDA MCIRA

Udzu ukauma ndi dzinthu zitalowa m'nkhokwe, anyamata a kwathu kuno kum'mawa amatenga makasu napita kumunda kukakumba mbewa. Za mbewa zimenezo palibe cimene ndingakuphunzitseni, pakuti ena a inu mumadziwa una wa kapuku koposa ine. Koma iripo mbewa ina imene sikumba una, sidya mapira, ndiponso siphikidwa. Imeneyi imakhala pa gome pambali pa kompyuta. Munthu akaigwira ndi dzanja naiyendetsa pa gomepo, kamubvi ka pa galasi la kompyuta kamayenda kutsata dzanja lace. Akadina ndi cala, kompyuta imacita cimene iye wasankha. Pa Cingelezi amaicha mouse, ndiko kunena mbewa.

Anayamba kuiganizira ndi Douglas Engelbart wa ku America, ndipo mnzace Bill English ndiye anapanga yoyamba mu 1964. Inali kabokosi ka mtengo, ka timawilo tiwiri pansi pace, ndi cingwe ca waya cocokera m'kabokosimo kupita ku kompyuta. Cingweco cinaoneka ngati mcira, ndipo dzina lija linacokera pomwepo.

Tsono cherani khutu, cifukwa mutu wa phunziro lathu uli pa mcira umenewu. Mcira uli ndi nchito ziwiri. Umanyamula uthenga kucokera ku mbewa kupita ku kompyuta, ndiponso umabweretsa mphamvu ya magetsi kucokera ku kompyuta kudza ku mbewa. Cifukwa cace mbewa ya mcira sifuna batire ai. Iri ngati mwana wa pa bere, amene sasamala ngati m'nkhokwe muli cimanga kapena mulibe.

Koma cingwe cimakola zinthu pa gome, ndipo anthu anafuna kucicotsa. Mu 1991 kampani ya Logitech inayamba kugulitsa mbewa yotumiza uthenga wace pa mphepo, monga icitira wailesi. Mau akuti wailesi amene anacokera ku liu la Cingelezi lotanthauza cinthu copanda waya. M'kati mwa mbewa yotere muli kawailesi kakang'ono kotumiza, ndipo ku kompyuta amalowetsa kena kolandira, kosaposa cikhadabo ca cala cacikulu, pa kabowo kochedwa USB. Mbewa zina zimalankhula ndi kompyuta mwa njira ya Bluetooth, popanda kolowetsa kalikonse. Uthenga umafika ngakhale pa mtunda wa mamita 10.

Motero nchito yoyamba ya mcira inapeza woigwira. Nanga yaciwiri? Magetsi a kompyuta safika ku mbewa popanda waya. Mbewa yopanda mcira iyenera kusenza kamba wace yokha, ndipo kambayo ndiye batire. Zambiri zimatenga batire limodzi kapena awiri a msinkhu wa cala, olembedwa AA kapena AAA, ndi 1.5 V pambali pace. Zina ziri ndi batire lomangidwira m'kati, limene amalidzazanso mphamvu likatha.

Funsani akuluakulu za wailesi yobulungira ngati poto, yochedwa Saucepan, imene inayamba kugulitsidwa m'dziko muno mu 1949, dzina la dzikoli liri Northern Rhodesia. Batire lace linali lalikulu ndi lolemera, koma linali kutha patapita maora ngati 300. Mbewa yabwino ikhoza kutha caka cathunthu ndi batire limodzi la AA. Kodi icita bwanji?

Tiyambe taona zimene zimadya batirelo. Tembenuzani mbewa muone kumimba kwace. Pali kabowo, ndipo m'kabowomo muli kanyali ndi kadiso. Pa mbewa zina kanyalika kamaoneka kofiira. Pa zina kuwala kwace sikuoneka ndi maso a munthu, koma kulipo ndithu, cotero musamasuzumiramo. Kanyali kamaunikira gome, ndipo kadiso, kamene kali kamera yaing'ono, kamajambula timizere ndi timaenje ta pa gomepo koposa ka 1,000 pa sekondi imodzi. Mbewa imalinganiza cithunzi catsopano ndi cimene cinatsogola. Ikaona kuti timizere tasunthira kumanzere, imadziwa kuti iyo yapita kumanja, ndipo kawailesi kamauza kompyuta. Kanyali, kadiso ndi kawailesi: pakamwa patatu pamenepa ndipo padyera batire.

Zitatuzi zikadagwira nchito usana ndi usiku osapuma, batire silikadakhalitsa. Koma opanga anaiphunzitsa mbewa kugona. Apa ifanana ndi kapuku uja. Mudziwa kuti kapuku amanenepa nthawi ya masika, ndipo kukazizira amagona mu una wace masiku ambiri osayendayenda, nakhala ndi moyo ndi mafuta a m'thupi mwace. Nayonso mbewa ya kompyuta, mukangocotsa dzanja, imacepetsa kuwala kwa kanyali niyamba kuyang'ana mwa apo ndi apo. Pakapita mphindi zingapo imagona tulo tatikulu, ndipo pamenepo imadya pang'ono zedi. Mukaigwedeza kapena kuidina, imadzuka. Ndico cifukwa cace nthawi zina kamubvi kamacedwa pang'ono kuyenda poyamba. Musaimenyetse pa gome, monga ndaona ana ena akucita; ingodzuka kumene.

Amene wamvetsa za tulo timeneti adziwa yekha kusunga batire. Mbewa yoikidwa m'cola ca mabuku osazimitsa imagwedezeka njira yonse, ndipo pa phazi lirilonse imadzuka niyesa kuti mwini wace afuna nchito. Pansi pace pali kabatani kozimitsira; kakankheni musanainyamule. Gome nalonso liri ndi mbali yace. Pa galasi kapena pa cinthu conyezimira kadiso ka mbewa zambiri sikapeza timizere toti kawerenge, ndipo kamubvi kamalumphalumpha. Pepala loyera losanyezimira likwanira kuciza bvuto limenelo. Mbewa za masewera, zija zowala mitundumitundu, zimatha mphamvu m'masiku owerengeka, pakuti nyali zokongoletsazo nazonso zimadya.

Mabatire sali amodzimodzi. Ochipa kwambiri aja amatha msanga. Olembedwa alkaline ndi okwera mtengo, koma amakhalitsa. Alipo ena olembedwa 1.2 V amene akhoza kudzazidwanso mphamvu nthawi mazanamazana, ndipo pa sukulu yokhala ndi magetsi a dzuwa, kutali ndi sitolo, amenewa ndiwo ndiwayesa abwino koposa. Batire wamba musayese kulichaja, ndipo musaliponye pa moto, cifukwa likhoza kuphulika. Ngati mbewa itenga awiri, musaphatikize latsopano ndi lakale. Kuyanika batire lakutha pa dzuwa, monga anthu amacitira ndi a toci, kumalitsitsimula kanthawi kocepa cabe.

Batire likayandikira kutha, kamubvi kamayamba kuima ndi kudumpha, ndipo pa mbewa zina kanyali kofiira kamaphethira pamsana pace. Ambiri amayesa kuti mbewa yafa, pamene ingomva njala.

Koma iripo imfa yeniyeni, ndipo ndinaiona ndi maso anga. Caka cina potseka sukulu ndinatsekera mbewa yanga m'kabati, batire lakutha liri m'kati. Potsegulira ndinapeza kuti mbewa siyaka, ngakhale ndi batire latsopano. M'malo a batire munali zoyera zonga mcere wouma, ndipo kawaya kopotana kamene kamakhudza batire kanali katadyeka. Batire la alkaline likatha nilikhala nthawi yaitali, madzi a m'kati mwace amatuluka. Madziwo ndi mbale wace wa cidulo cimene amai amacheza ndi phulusa pophika therere, koma ukali wace uposa kutali: amaocha khungu, ndipo akalowa m'diso akhoza kuliononga. Mukapeza zoyera zotere musazikhudze ndi zala, ndipo musazilawe konse. Itanani aphunzitsi kapena wamkulu wina. Ngati citsulo sicinadyeke kwambiri, iye akhoza kucipukuta ndi kansaru konyowetsa pang'ono ndi madzi a ndimu, naciumitsa bwino asanaikemo batire lina. Yanga ija inali itapitirira pamenepo, ndipo ndinagwira nchito ndi mbewa ya mcira yobwereka kufikira kutha kwa mwezi.